BC Yalowa! Koma Kodi Ndalamayo ndi ya Ndani?

Mnzanga wacinyamata, ngati unakhalapo pa sukulu ya maphunziro apamwamba, ulidziwa tsiku limene ndifuna kunena. Uthenga umayambira pa foni imodzi, ndipo mphindi zisanu zisanathe nyumba zonse zogona ophunzira zamva kale kuti, "BC yalowa!" Amene anagona ndi njala dzulo, lero ayenda mothamanga. Mabasi opita m'tauni adzaza. M'makhonde mmene munali fungo la kapenta sabata yonse, tsopano mununkhira nkhuku ndi soseji. Ngati ukali ku sekondale ndipo uyembekezera kukalowa univesiti kapena koleji, konzeka, pakuti tsikulo lidzakupeza iwenso.

Tsono taona anyamata awiri ogona m'cipinda cimodzi. Onse alandira ndalama yofanana pa tsiku limodzi. Pakapita masiku khumi, wina watsala ndi ya mcere cabe, ndipo wayamba kucezera anzake pa nthawi imene nsima ili pamoto. Mnzakeyo afika nayo kumapeto kwa mwezi, ngakhale kuti nyama sanaione kawiri. Cifukwa ciani? Yankho lofulumira ndi lakuti wina ndi wanzeru, wina ndi citsiru. Ine ndinaleka kukhulupirira yankho limeneli pamene citsiruco ndinali ine. Anyamata onse awiri anapambana bwino Giredi 12, ndipo onse adziwa kuwerengera. Cowasiyanitsa ndi yankho limene aliyense wapereka mumtima mwake pa funso ili: kodi ndalama iyi ndi ya ndani?

Ndalamayi icokera kuti?

Dzina lakuti BC ndi lakale. Licokera ku Bursaries Committee, komiti ya boma imene kwa zaka zambiri inali kulipirira ophunzira a pa University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, ndi a pa Copperbelt University, imene inayamba mu 1987. Ambiri anali kuiona ndalamayo ngati mphatso ya boma. Komitiyo kulibenso. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lokhazikitsa Higher Education Loans and Scholarships Board, ndipo mu 2018 bungweli linayamba kutolera ndalama kwa amene anaphunzira pa ngongole ya boma kuyambira mu 2004. Ena mwa iwo anali atakwatira kale, ana ali pa sukulu, pamene anaona kuti malipiro ao a pa mwezi ayamba kudulidwa. Dzina lakale latsala pakamwa pa ophunzira, koma ndalamayo ndi ngongole, ndipo ili ndi ciwongola dzanja.

Ndalama ya cakudya nayonso ili ndi mbiri yake yowawa. Mu October 2018 ophunzira a pa UNZA anacita cipolowe cifukwa ca kucedwa kwake, ndipo mtsikana wina wophunzira anataya moyo. Mu 2019 boma linaicotsa, ndipo inabwezeredwa mu 2023. Amene anaphunzira m'zaka za pakatizo angakuuze mmene anapulumukira. Ndikuuza izi kuti udziwe kuti cimene ulandira lero si mvula yogwa yokha caka ndi caka.

Motero mwini woyamba wa ndalamayo ndiwe wa mawa, amene udzaibweza kucokera pa malipiro ako. Mwini waciwiri ndi mwana amene lero akali ku sekondale, cifukwa zimene olongeredwa abweza ndi zimene zithandiza kulipirira obwera pambuyo.

Mwina iwe sunapatsidwe ngongole ya boma, ndipo zonse zicokera kunyumba. Pamenepo eni ake uwadziwa ndi maina. Ndi amai ako amene amadzuka usiku kukapikula tomato ku Soweto Market. Ndi atate ako amene agulitsa matumba a nshawa ku Petauke, kapena mlongo wako amene wacedwetsa zake kuti iwe uyambe watsiriza. Mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Nkhokwe zambiri zinali zopanda kanthu, koma m'mabanja ambiri kanthu kocepa kanatumizidwabe kwa mwana wa ku koleji. Ndalama yotere ikalowa m'foni mwako, iwe ndiwe kapitao wake. Uli ndi mphamvu yoigwiritsa nchito, komanso uli ndi anthu okayankha kwa iwo.

Zimene unaona kwanu

Ngati zili conco, n'cifukwa ciani anyamata ndi atsikana abwino-bwino amaiwala? Cifukwa ndalama ikafika, pali mau ambiri amene amalankhula ndi thumba, ndipo ena anayamba kulankhula ukali mwana.

Oyamba ndi a kunyumba kumene unakulira. Mwana amene anaona amai ake akugawa ndalama ya msika patatu, ya katundu wa mawa, ya ndiwo ndi ya cilimba, waphunzira kale ngakhale kuti palibe anamukhazika pansi. Wina anakulira m'nyumba mmene ndalama inali kubwera kamodzi pa caka, cimanga cikagulitsidwa, ndi kutha m'masabata ocepa. Winanso sanagwirepo ndalama yoposa ya basi kufikira tsiku limene analandira ya mwezi wathunthu. Munthu amene wasowa nthawi yaitali akagwira ndalama, mtima umati, "Idya lero, za mawa sizidziwika." Sitingamuseke, pakuti njala ndiyo inamphunzitsa. Koma cimene cinathandiza pa nthawi ya kusowa cingamgwetse pa nthawi imene ayenera kudzidyetsa yekha masiku makumi atatu.

Maso a anzako

Mau aciwiri ndi a manyazi, ndipo awa ndiwadziwa bwino. Ndinafika pa koleji mu Lusaka nditavala nsapato zakuda zimene ndinatsirizira Giredi 12. Tsiku lina tili pa mzere, mnyamata wina anaziyang'ana nati, "Mudala, izi ni za ku parade?" Anthu anaseka pang'ono, ndipo ndikhulupirira kuti pofika madzulo onse anali ataiwala. Ine sindinaiwale. Amai atatumiza ndalama ya mwezi wotsatira, ndinapita m'tauni ndi kugula nsapato zoyera zimene zinadya yoposa theka.

Pofika pakati pa mwezi unga unatha. Ndinapita kwa wophunzira wina amene anali kukongoza kaloba. Anandipatsa K400 kuti ndikabweze K600. Mwezi wotsatira nditabweza, yotsalayo sinakwane, ndipo ndinakongolanso. Zinanditengera miyezi itatu kuti ndituluke m'dzenje limenelo. Pa chuthi nditafika kwathu, ndinapeza kuti m'khola mwasowa mbuzi imodzi. Mng'ono wanga ndiye anandiuza kuti ndi imene amai anasungira feteleza. Amai anayang'ana kumapazi kwanga nati, "Nsapato zabwino, mwana wanga." Sanaonjezepo kanthu, ndipo ine usiku umenewo nsima sinapite.

Taganiza bwino za nkhani imeneyi. Ndinagulitsa mbuzi ya amai kuti ndikondweretse munthu amene dzina langa sanali kulidziwa. Ndi mmene manyazi amagwirira nchito. Pa univesiti mwana wa mlimi akhala pa benchi imodzi ndi mwana wa mwini kampani, ndipo kucoka pa UNZA kupita ku East Park Mall ndi ulendo wa miyendo. Uona mafoni, tsitsi ndi zovala za anzako, koma za m'thumba mwao suziona. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Ena mwa amene uwasirira ali pa kaloba ngati mmene ndinalili ine, ndipo nawonso asirira wina.

Foni ya m'thumba mwako

Mau acitatu ali m'foni. Ndalama ya pepala ukaipereka, dzanja limamva kuti kanthu kacoka. Ya pa Airtel Money kapena MTN imacoka mwakacete-cete: bando ya intaneti apa, cakudya coitanitsa apo, K20 kwa mnzako amene wati adzabweza mawa. Palibe cacikulu cimene wagula, koma ukayang'ana yotsala, mtima uti phwii.

Foni yomweyo ikongoza ndalama m'mphindi imodzi, usiku pakati, popanda wina wokufunsa kuti, "Ufuna ya ciani?" Ndiponso m'menemo muli juga. Kubecha mpira kwalowa kwambiri pakati pa anyamata, ndipo aliyense adziwa wina amene anapambanapo. Koma dzifunse: kodi ndalama imene makampani a juga alipirira zikwangwani za m'misewu, renti ya mashopu ndi malipiro a anchito icokera kuti? Icokera kwa oluza. Masewerowo anawakonza kuti onse obecha akawerengedwa pamodzi, zimene aika ziposa zimene atenga. Amene wapambana alengeza khonde lonse, koma oluza makumi angapo agona cete. Ndipo wobecha ndi BC abecha ndi ndalama yokongola, imene adzaibweza ndi ciwongola dzanja ngakhale timu yake inagonja zaka zisanu zapitazo.

Kumudzi akaimba foni

Mau acinai ndiwo ovuta koposa, cifukwa acokera kwa anthu amene uwakonda. Kumudzi adziwa kuti uli ku Lusaka kapena ku Kitwe ndipo "ulandira ndalama za boma." Mng'ono wako alibe nsapato za ku sukulu. Ambuya adwala. Amalume afuna ya basi yopitira ku maliro. Kodi wophunzira akakana, wacimwa?

Tisafulumire kuyankha. Mwambo wathu uli ndi cifukwa cake. Palibe amene anafika pa univesiti yekha. Wina anakugulira yunifomu, wina anakusunga m'nyumba mwake pamene sukulu inali kutali. Munthu wophunzira amene watseka makutu ku kulira kwa abale ake wataya cinthu coposa digiri. Ndipo pali nthawi zimene funso silifunika n'komwe. Ngati ambuya afunika kuthamangira nawo ku cipatala usiku uno ndipo ndiwe wekha uli ndi kanthu, tumiza. Za mawa mudzaonera pamodzi.

Koma zopempha zambiri si za moyo ndi imfa, ndipo zimabwera mwezi ndi mwezi. Apa kumbukira mlimi. Ngakhale m'nyumba mwacepa cakudya, mbeu yosungira kudzala saikazinga, cifukwa adziwa kuti kukhuta kwa sabata imodzi kudzabweretsa njala ya caka conse. Ndalama ya cakudya ndi ya malo ogona a wophunzira ndi mbeu ya banja. Ukaitumiza yonse, ndi kumalowa m'kalasi ndi njala, ndi kulephera mayeso, banja lataya zonse ziwiri, ndalama ndi maphunziro, pamene ngongole ikali kukuyembekezera. Conco kukana kwina ndi kusamalira banja lomwelo.

Komabe samala, pakuti mtima ndi wocenjera pa kudzilungamitsa. Pali njira yodziyesera: ndalama imene wakaniza amai ako, wacita nayo ciani? Ngati wagula unga, saladi ndi mapepala a m'kalasi, mtima wako ukhale pansi. Koma ngati masana wauza amai kuti ulibe, ndipo madzulo wagulira anzako zakumwa, usachule za mbeu. Wanama.

Cimene cimathandiza koposa ndi kunena zoona. Makolo ambiri sadziwa kuti BC ndi ngongole, ndipo sadziwa mtengo wa bedi m'nyumba za lendi za ku Kalingalinga kapena ku Kalundu. Pa chuthi khala nawo pansi mwaulemu, uwaonetse kuti, "Amai, ndilandira mwakuti, renti ndi mwakuti, cakudya mwakuti, ndipo imene ndingathe kutumiza ndi iyi." Kaŵiri-kaŵiri kholo likaona ziwerengero limamvetsa, cifukwa nalonso lidziwa kugawa zocepa.

Coonadi cimeneci ciyenera kuyenda mbali zonse ziwiri. Pali ophunzira amene apeka zolipira zimene kulibe. Aimba foni kuti, "Atate, afuna ya project pofika Lacisanu," podziwa kuti atate sanafikepo pa univesiti ndipo sadzafunsa. Ena amaseka pofotokoza zimenezi, ngati ndi kucenjera. Tiyeni tichule cinthu ndi dzina lake: kumeneko ndi kuba, ndipo wobedwayo ndi munthu amene akukhulupirira koposa onse.

Nanga ngati ndi yocepadi?

Wina anganene kuti, "Zonsezi ndamva, koma yanga sikwana ngakhale ndisagule kanthu kopanda pake." Uyu anena zoona, ndipo sindifuna kumuikira mlandu umene si wake. Malo ogona a pa sukulu sakwana ophunzira onse, ndipo ambiri alipira renti kunja kapena agona mopanikizana pa bedi ya mnzao. Mu 2021 kukwera kwa mitengo m'dziko muno kunapitirira 20 peresenti pa caka. Mu 2024 madzi atacepa ku Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo wophunzira wodalira sitovu anayenera kugula makala kapena cakudya cophika kale. Palibe bajeti imene ingasandutse K100 kukhala K200. Conco ukaona mnzako watha ndalama, usayambe ndi kumuweruza. Mwina ndi iye amene adyetsa ana amasiye kwao.

Kusowa kotere ndiko kumatsegula khomo la ngongole yoopsa koposa. Madzulo pa zipata za masukulu pamaima magalimoto a abambo amene ana ao ndi a msinkhu wa atsikana amene awayembekezera. Mlongo wanga, cimene apereka amati ndi mphatso, koma adzafuna kubwezeredwa, ndipo ciwongola dzanja cake cimalipidwa ndi thupi, ndi mtendere wa mumtima, nthawi zina ndi moyo. Mlandu waukulu uli pa wamkuluyo amene adyera pa njala ya mwana. Koma iwe dziwa kuti kupempha thandizo kwa mnzako, kwa wacibale kapena kwa akulu a mpingo si cinthu ca manyazi. Kuluka tsitsi, kugulitsa salaula kapena kuphunzitsa ana a sekondale masamu nakonso si kwa manyazi.

Ndipo iwe amene kwanu kuliko, funso lathu likukhudzanso. Kaseko kako kamodzi kangagulitse mbuzi ya wina. Ngati uli ndi zokwana, itana mnzako ku mbale yako popanda kulengeza. Cala cimodzi siciswa nsabwe: ophunzira anai akasonkha ndi kugula thumba la unga la 25 kg ndi kuphikira pamodzi, alipira zocepa koposa aliyense kugula pamela pa kantemba tsiku ndi tsiku.

Gamula isanafike

Mau onse amene tachulawa amakula mphamvu pa tsiku limene ndalama yalowa. Tsiku limenelo mutu sugwira bwino. N'cifukwa cake nthawi yogamula ndi pamene thumba likali lopanda kanthu, pakuti munthu wanjala ndiye adziwa bwino cimene cili cofunika.

Tenga pepala ulembe. Tinene kuti utalipira renti udzatsala ndi K900 ya masiku 30. Imeneyo ndi K30 pa tsiku, ndipo cinthu ca K300 cidya masiku khumi a moyo wako wa pa sukulu. Uziwerengera mitengo m'masiku, osati m'makwacha cabe. Ndalama ikalowa, yamba wagula zosaola: unga, saladi, nyemba, kapenta ndi sopo. Patula pasadakhale ya kumudzi ndi ya copereka, kuti uzipereka ndi mtima umodzi ndipo ukakana usadziimbe mlandu. Ika kangacepe pambali ka tsiku la matenda. Peza mnzako mmodzi wokhulupirika amene ungamuonetse pepala lako, amene ali ndi ufulu wokufunsa. Ndipo ngati uli kale m'kaloba kapena m'juga, uza munthu lero. Ngongole imakula bwino mumdima.

Zimenezi zioneka zazing'ono, koma m'mera mpoyamba. Mmene ugwirira BC ndi mmene udzagwirira malipiro ako, ndalama ya banja lako, mwinanso ya sukulu, ya cipatala kapena ya boma imene idzaikidwa m'manja mwako. Ambiri amene lero asunga cuma ca anthu anayamba ndi ndalama ya mwezi umodzi m'cipinda ca ophunzira. Amene anazolowera kunena kuti, "Ili m'manja mwanga, ndiye kuti ndi yanga," sasintha cifukwa cakuti wavala tayi.

Nsapato zoyera zija zinang'ambika caka cisanathe. Mbuzi ndinaibweza ndi malipiro anga oyamba, koma munda wa caka cija unali utakolola kale zocepa, ndipo zimenezo sizibwezeka. Conco mnzanga, tsiku limene foni idzalira ndipo khonde lonse lidzapfuula kuti yalowa, usanavale nsapato kupita m'tauni, khala pa bedi mphindi zisanu. Kumbukira nkhope za amene anaituma ndalamayo, ndi nchito imene anaitumira. Ukatero, nyamuka ukagule.

Zokambirana m'gulu lanu

1. Kodi ndi zopempha ziti za kumudzi zimene wophunzira sayenera kukana, ndipo ndi ziti zimene angakane mwaulemu? Anene mau otani?

2. Kodi unagulapo cinthu cifukwa ca manyazi? Unali kuopa maso a ndani?

3. Kodi gulu lathu lingacite ciani pothandiza mnzathu wa ku koleji amene wasowa, popanda kumcititsa manyazi?